Chiliza cha Bambo ku Mangochi

Ndinanyamuka ku Zomba Lolemba m'mawa sukulu zitatsekera, khadi yachipani m'thumba, simenti pamwamba pa basi. Mayi ndiwo anandituma: "Bambo ako agona opanda dzina zaka makumi atatu. Ukawamangire chiliza ndisanafe." Bambo anali kalaliki ku Mangochi, ndipo anamwalira mayi atapita kumudzi kukabereka ine. Manda awo tonse tinali tisanawaone.

Pa Liwonde anyamata achipani anaona makadi. Pa Ulongwe ndinagula chinangwa cha matambala asanu, cholimba ngati nkhuni. Kondakitala anati simenti yanga ilipire ngati munthu. Ndinati ndiye aipatse mpando, anaseka n'kundisiya.

Ndinalowa m'manda akale a paboma dzuwa lili paliwombo. Kutsogolo kwagona azungu a masiku amene Mangochi inkatchedwa Fort Johnston: miyala yosema bwino, mipanda yachitsulo yadzimbiri, ena anyamata amene malungo anawatenga ndevu zisanamere. Kumbuyo kuli athu: milu yadothi ndi mitanda yodyedwa ndi chiswe. Ndinayenda mzere ndi mzere modzidalira, ine mphunzitsi wodziwa kuwerenga. Koma chowerenga panalibe.

Mkulu wina wovala kofia, Che Amidu, ankalambula udzu chapatali.

"Mukufuna ndani, ambuje?"

Nditatchula dzina, anaika khasu pansi.

"Kalaliki uja? Tinamuika ndife. Linali dzinja, msewu utaduka, abale osafika. Tinabwera ife akumzikiti."

Ananditengera pakona. Mitanda yonse inali kumadzulo, kumene akhristu amagoneka mutu. Pa manda awa okha, mwala wakumutu unali kummawa.

"Tinamugoneka monga timagonekera athu, nkhope ku Maka. Njira tinkaidziwa ndi imeneyo. Abusa atabwera anakalipa zedi. Ngati tinalakwa, mutikhululukire."

Pamulupo panalibe ngakhale kaudzu kamodzi.

"Mumalambula ndinu?"

"Nanga timusiye? Tinamuika ndife."

Ndinalira osachita manyazi.

M'mawa mwake mmisiri amene ndinamupeza kuti amange chiliza anafuna kuika mtanda kumadzulo kuti ufanane ndi ina. Ndinakana. Unaikidwa kummawa, kumene kuli mutu wa bambo. Amene akaone kuti wakhota, akafunse chifukwa.

Nditabwerera, mayi sanafunse za simenti kapena kukongola kwa chiliza.

"Anawaika ndani?"

Ndinawauza zonse. Nditamaliza, analoza tambala wawo wamkulu pabwalo.

"Umugwire uyo. Upitenso, ukawapatse Che Amidu."