Tsiku limene ndinakana kukwera chitunda cha ku Mafinga

Pansi pa sutikesi yanga pali kalata yondichenjeza, yokhayo imene ndinalandirapo chiyambireni ntchito. Ana anga akafuna kundiseka amati ndiipachike pakhoma pafupi ndi masatifiketi awo, ndipo tsiku lina ndidzaipachikadi. Kalatayo imati ndine dalaivala wamwano, wosamvera akuluakulu. Za mwanozo sindikana.

Ndinafika ku Chitipa kuchokera kwathu ku Dedza monga dalaivala woyesedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, pa ofesi ina yoona za mipope ya madzi m'midzi. Anthu ankatuluka m'masitolo kudzaonerera mkazi akubweza galimoto chambuyo, ena akudikira kuti ndigumule mpanda apeze nkhani yokambirana madzulo. Mpanda sindinagumule. Chimene chinatsala n'chakuti abwana asaine pepala londitsimikiza ntchito. Pepalalo ndinkalilota, pakuti ana anga awiri ndinawasiya kwa mayi anga, nditawalonjeza kuti ndidzawatenga ntchito ikakhazikika.

Misewu ya kumapiri anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire wa ku Nthalire, dalaivala amene ndinkalowa m'malo mwake. Ine ndinkadzitama kuti wa ku Dedza chifunga sachiopa. Iwo anangoseka.

"Mama, cha kuno n'china chomene," anatero. "Chikatsika, imwe musakwere chitunda yayi. Phompho lilibe mlandu, limakhala pamalo pake. Opani wa njinga yamoto. Pamtsetse amazimitsa injini kuti asunge petulo, nyali nayo n'kuzima. Simumumva, simumuona. Mudzamudziwa ali kale pansi pa galimoto."

Sabata yomaliza ya kuyesedwa kwanga tinanyamuka kupita kumapiri a Mafinga kukaona kasupe wina amene ankafuna kukokako mapaipi. Tinali atatu: ine, abwana, ndi pulambala wa ku Kaseye, munthu wosalankhulalankhula. Abwana anali a ku Zomba, ovala nsapato zopukuta ngakhale m'matope. Kumbuyo tinali ndi matenti awiri, mbaula ndi mabulangete, koma iwo anali atanena kale kuti pansi sagona. Kusukulu ya kuseri kwa phiri mphunzitsi wamkulu anali atawasungira bedi.

Cha m'ma folo koloko tinafika patsinde pa chitunda chomaliza. Msewu pamenepo ndi wa galimoto imodzi, kumanja khoma la dothi lofiira, kumanzere phompho. Chifunga chinatsetsereka kuchokera pamwamba, ndipo posakhalitsa mitengo inasowa, kenako ndi mphuno ya galimoto yomwe. Ndinapatukira pa kabwalo ka udzu pambali pa msewu, ndinakoka handibuleki, ndinazimitsa injini.

"Kwatani, adalaivala?"

"Tigona pano, bwana. Chifunga chikachoka mmawa tikwera."

Anayamba ndi kuseka. Anati kwatsala makilomita ochepa, ndiyatse nyali zonse ndizikwera ndikuliza hutala. Ndinawafotokozera za njinga zotsika mwakachetechete, ndi kuti pamatope oterera chotero munthu ngakhale amve hutala alibe poimira kapena popatukira. Anati zimenezo ndi nthano za madalaivala aulesi. Kenako anatulutsa mawu amene ndinkadziwa kuti ali nawo m'kamwa kuyambira tsiku limene ndinafika.

"N'chifukwa chake ntchito iyi siyenera azimayi. Bweretsani makiyi ndiyendetse ndekha."

Mutu unanditentha. Ndinazula makiyi, ndinawamanga pamfundo ya chitenje changa iwo akuona.

"Galimotoyi anasainitsa ine, bwana. Ngati mukufuna makiyi, bwerani mudzamasule."

Pulambala anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Abwana anandiyang'ana, nati, "Mukukumbuka kuti pepala lanu lili patebulo langa?" Ndinati ndikukumbuka. Kunena zoona, nkhope za ana anga zinandibwerera. Ndinachita mantha kwambiri. Koma makiyi sindinamasule.

Tinakhoma matenti m'chifunga momwemo, zikhomo zikulowa m'dothi lonyowa mosavuta. Mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa, ndipo madontho ankagwa kuchokera m'mitengo ngakhale mvula kunalibe. Abwana analowa m'tenti, nakoka zipi mwaukali mpaka inatsala pang'ono kuthothoka. Pulambala anatenga chigubu kukasaka madzi kukhwawa. Ine ndinakoleza mbaula m'mbali mwa msewu, ndikusenda mbatata ya kachewere yoti timwere tiyi, ndikudzifunsa ngati sindinataye ntchito chifukwa cha mawu a nkhalamba.

Ndipamene inadutsa. Phokoso kunalibe, koma kaphokoso ka matayala m'matope, nako ndinakamva itandipitirira kale. Njinga yamoto yozima injini, yopanda nyali, ikutsetsereka pakati penipeni pa msewu. Woyendetsa anali atatambasula miyendo kuti asagwe. Kumbuyo kwake kunali mayi atabereka mwana, ndipo ndinaona timapazi tiwiri tovala masokosi ofiira tikulendewera m'mbali mwake. Ndisanaphethire kawiri chifunga chinawameza.

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Ndinayang'ana kutenti, zipi inali chitsekere. Ndinayang'ana kukhwawa, pulambala anali asanabwere. Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma ine ndinali ndekha ndi mbatata zanga. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira, ndipo ndinalira mokwiya.

Mmawa kunacha kowala bwino, mapiri onse poyera mpaka ku Zambia. Tinakwera chitunda chija mosavuta. Msewu unali bwinobwino, wosagumuka paliponse, ndipo abwana sanalole kuti zimenezo zipite osanenedwa.

"Ndiye chimene munkaopa ndi chiti, mayi?"

Ndinawauza za njinga ija, za mayi ndi mwana. Anaseka, nati ndaipeka m'tulo. Pulambala anayankhula koyamba paulendo wonsewo: "Bwana, njinga zikutsikadi choncho kuno." Koma iye sanaione, ndipo abwana anamukumbutsa zimenezo.

Titabwerera ku Boma anandiitana mu ofesi. Patebulo panali mapepala awiri, londitsimikiza ntchito ndi kalata yondichenjeza. Anati nkhani ndi yaing'ono. Ndingopepesa pamaso pa anzanga, ndivomere kuti ndinachita mantha achabe, iwo asaina loyambalo ndipo linalo aling'amba. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganizanso za dalaivala wina amene adzamve kuti dalaivala wamkazi uja anavomera yekha kuti zinali zachabe, iye n'kudzakwera chitunda chija m'chifunga.

"Ndipatseni cholembera, bwana," ndinatero, ndipo ndinasaina kuti kalata yondichenjeza ndalandira.

Anandiwonjezera miyezi ina isanu ndi umodzi. Ana anga anayamba chaka china cha sukulu ku Dedza, ndipo wamng'onoyo anakana kundilankhula pafoni kwa milungu ingapo. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Koma anga ndinakawatenga, mochedwa, ali amoyo onse awiri. Wa masokosi ofiira uja nayenso ndimakhulupirira kuti mayi ake anakafika naye kumene ankapita.