Lilime la a Eness ndi Mbale ya Sajeni

Ku Waverley kuno aliyense amadziwa kuti a Eness Kamwendo amalawa chakudya cha agalu. Si miseche ayi. Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi, mpanda wathu ndi umodzi, ndipo ndawaona ndi maso angawa akutafuna. Poyamba nanenso ndinkaseka nawo. Ana anawapatsa dzina loti Mai Imbwa, m'Chishona mayi wa agalu, ndipo iwo amavomera bwinobwino akaitanidwa choncho.

Anabadwira kukomboni ya mgodi ku Gadzema. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi, koma m'dzenje sanakhalitsemo. Anapeza ntchito yaukuki kwa mzungu woyang'anira mgodiwo, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inali kuphikira agalu asanu. Bambowo sankapereka mphika kwa agalu asanalawe okha, ankati galu alibe pokadandaula. A Eness atakula anagwira ntchito yosankha thonje pafakitale ya nsalu ku Chegutu, zala zawo n'kuzolowera kupeza kachitsotso kobisala. Makina atasiya kulira anabwera kuno n'kutsegula katakishopu pageti, komwe amagulitsa timibulu touma ta chakudya cha agalu poyeza ndi kapu. Ogula ambiri ndi makorokoza, anyamata okumba golide, amene agalu awo amalondera maenje.

Thumba latsopano likafika, saligulitsa tsiku lomwelo. Amatapa timibulu tochepa n'kuviika mutambula ya madzi ofunda. Tikafewa amatifikisa ndi zala. Pansi pakatsalira mchenga, kapena pamwamba pakayandama tizidutswa ta nthenga, ndiye kuti mlandu watha. Kenako amanunkhiza ngati chimanga chake chinali ndi chuku, n'kumaliza ndi lilime. Pathumba angalembe kuti nyama ndi zilembo zazikulu bwanji, iwo alibe nazo ntchito. "Uyu ndi gaga wopaka fungo la ng'ombe," amatero, uku akulavula. Chaka chatha matumba atatu anabwerera kutauni pa kombi, minibasi zathu zakuno, ndipo mkangano wake wa pafoni ndinaumvera ndili kukhitchini kwanga.

Mchimwene wawo wamkulu, a Morrison, amakhala mizere iwiri ya nyumba kuseri kwathu. Maso awo anachita khungu, mkazi wawo anamwalira, ana onse ali ku Joni. Amene amawayendetsa ndi Sajeni, galu wofiirira wa makutu ogwa. Palibe anamuphunzitsa, koma amadziwa njira ya kutchalitchi, ya kuchipatala, ngakhale ya kubala. Sajeni akapanda kudzuka, a Morrison amangoswera pakhonde.

Mwezi wa Meyi galuyo anayamba kumwa madzi ngati ndowa yobooka, nthiti n'kuonekera. A Eness anamukweza kombi mpaka ku Chegutu kwa dokotala wa ziweto, mayi wofatsa dzina lake Rutendo. Iye anati impso zatopa. Sizingabwerere mwakale, koma galuyo angakhalebe ndi moyo ngati atamadya chakudya chapadera cha odwala impso, osasakaniza ndi china chilichonse. Privilege, mwana wamkazi wa a Morrison, anatumiza thumba lake pa basi kuchokera ku Joni.

Masabata atatu anatha Sajeni akungolowa pansi. Tsiku lina a Morrison anafika kwa mlongo wawo okha, akupapasa mipanda ya anthu ndi ndodo, ndipo mtima unandiwawa kuwaona chotero.

"Eness, mwana wanga wataya mari, ndalama zapita pachabe," anatero. "Chakudya cha dokotala chija n'chabodza. Tiye ukachiyese monga umachitira."

Ndinawatsatira, poti ine nkhani zongomva kwa ena sizindikwana. A Eness anaviika timibulu tija mutambula. Mchenga munalibe, nthenga munalibe, fungo lake linali la mpunga ndi dzira. Anatafuna nthawi yaitali.

"Achimwene, ichi n'chakudya chenicheni. Ine chabwino chotere sindinagulitsepo. Mchere ndi wochepa kwambiri, koma opanga anachita dala."

"Nanga galu wanga akutha ndi chiyani?"

A Eness anapita pansi pa mtengo wa gwafa pamene Sajeni anagona, n'kuwerama pambale yake. Anapisa chala m'zotsalira n'kunyambita. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa zam'thumba ndinali nditazolowera koma zam'mbale ayi.

"Matemba," anatero. "Ndi mchere wake womwe. Achimwene, mwakhala mukuthiramo chiyani umu?"

Mkuluyo anasisita mutu wa ndodo. Paja nawonso ndi mwana wa kuki uja.

"Ndinalawa, Eness," anatero pomaliza. "N'chosakolera, ngati sadza, nsima yakukomboni ija tinkadya youma bambo akachedwa. Ine ndizidya zokoma, mnzanga azidya zimenezo ndili pomwepo? Ndinkangomuthirira kamsuzi kanga."

Ndinafuna kuwakalipira koma ndinadziletsa. Ife ndi momwe tinakulira: munthu amene umamukonda sumupatsa chakudya chopanda msuzi. Ineyo mayi anga akudwala ndinkawathirira mchere mobisa, anamwino atandiletsa kawiri konse, ndipo ndinkayesa kuti ndikuwachitira chifundo.

A Eness anaimbira Rutendo pomwepo. Iwo ankalankhula Chichewa, iye ankayankha m'Chishona, poti agogo ake analinso a ku Malawi, ndipo anamvana bwinobwino. Rutendo anati mchere ndi matemba ndi katundu amene impso zotopa sizingasenze. Anati abwere naye galuyo akamuike madzi m'thupi, nthawi isanathe, ndipo chakudyacho azingochifewetsa ndi madzi ofunda basi.

Sajeni atabwerako, panabuka vuto lina. A Morrison anayamba kudya atadzitsekera m'nyumba, chifukwa cha manyazi, galu akukanda chitseko panja. Anapirira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika patakishopu atanyamula botolo lawo la mchere, n'kuliika pathebulo.

"Sunga," anauza mlongo wawo. "Anamwino akhala akundiletsa mchere zaka zisanu chifukwa cha bipi. Tizidyera limodzi zosakolerazo."

A Eness anaseka mpaka misozi. "Anamwino zaka zisanu osamva, galu sabata imodzi yokha." Koma ndinaona kuti misozi ina sinali ya kuseka, ndipo anaipukuta msanga ndi nsonga ya chitenje.

Pano ndi Ogasiti. Sajeni sananenepe ngati kale, ndipo Rutendo anatichenjeza kuti tisamawerengere zaka zambiri. Koma akudya, akuuwa kombi zikamadutsa, ndipo ubweya wabwerera pamsana. Makorokoza awiri amene anamva nkhaniyi anabwera ndi matumba amene anagula kwina kuti Mai Imbwa awalawire. Limodzi linapambana, lina anakalitaya.

Lamulungu lapitali ndinaona a Morrison akudutsa pageti panga kupita kutchalitchi, Sajeni patsogolo, akuyenda pang'onopang'ono. Atafika pangalande anaima n'kudikira mpaka ndodo itapeza mlatho wathabwa. A Morrison amadandaula tsiku ndi tsiku kuti ndiwo sizikukoma, amadandaulira aliyense amene wawapatsa moni. Botolo lija likadali pashelefu ya a Eness, kuseri kwa tambula yoviikira, ndipo mpaka lero sanatume munthu kudzalitenga.