Fayilo ya Mapu ya Mlamu Wake

Deborah Ngulube anali mphunzitsi wa makompyuta ku Chifunda. Njovu zitaponda bambo wina mpaka kufa m'munda wa chimanga, analemba pulogalamu yotumiza uthenga pafoni za alimi njovu zikaoneka pafupi. Ankafuna kuti aliyense aziigwiritsa ntchito mwaulere, choncho anaitumiza kumalo a pa intaneti osungirako mapulogalamu otere.

Oyang'anira malowo anamuyankha kuti fayilo iliyonse iyenera kusonyeza dzina la mwini wake, chaka, ndi laisensi yolola ena kuikopera ndi kuisintha. Fayilo ya mapu imene inali m'pulogalamuyo inalibe laisensi, ndipo amene anailemba anali mlamu wake, Bradley.

Deborah anapalasa njinga mpaka ku Kambombo, kumene Bradley ankakhala. Anamupeza Bradley ataledzera.

"Alamu, ndabwera kudzapempha chilolezo chanu," anatero.

"Manje mwaba kale, mukupempha chiyani?" Bradley anakuwa. "Nzeru zanga muzigawira dziko lonse ngati mchere?"

Anatola mpope wa njinga n'kumumenya nawo pakamwa. Dzino linathyoka, magazi n'kuyenderera pa bulauzi. Deborah atagwa, Bradley anamumenya theche m'nthiti, kenako anapondaponda laputopu imene Deborah anabwera nayo mpaka inaphwanyika. Anthu oyandikana nawo ndiwo anathamanga kudzamugwira Bradley.

Kuchipatala Deborah anamusoka mlomo. Sanabwererenso kukapempha. Anabwereka kompyuta ya kusukulu, anachotsa fayilo yonse ya Bradley, n'kulemba ina yatsopano osasuzumira n'komwe yakale ija. Pamwamba pake anaika dzina lake ndi laisensi. Pulogalamuyo inalandiridwa, ndipo Bradley anakayankha mlandu wovulaza munthu kukhoti.