Nkhomo Zogwa pa Bawo Langa

Ndinagwira ng'ombe zolusa zaka zambiri ku Mikolongwe, sindinanjenjemerepo. Ndinadzanjenjemera nditakalamba, pakhonde panga, dzuwa likuwala, chifukwa cha bawo.

Mwana wanga wamkazi, mzime, anabwera kumudzi amayi ake atamwalira kuti azindisamala. Anabwera ndi laputopu ndi sola. Ku ofesi sankapita, koma mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi sankatha m'nyumba. Anthu anayamba kufunsa. Inenso ndinafunsa. Ndinalekera sitandade sikisi, koma sindine wopusa.

"Ababa," iye anati, "tili ndi chida chofufuza zolakwika m'mapulogalamu amene anthu amalembera makina. Chidacho sichiwerenga momwe mwini walembera. Chimayamba chamasulira zonse m'chinenero chakechake chapakati, kenako n'kufufuza. Chinenerocho chimadziwa kuphatikiza ndi kuchotsera, koma kukankha mabiti sichidziwa. Chikafika pamenepo chimangodumpha n'kunena kuti zonse zili bwino. Ine ndikuwonjezeramo zimenezo."

"Mabiti ndiye chiyani?"

Analowa m'nyumba n'kutulutsa bawo langa. Sanapemphe.

"Maenje ndi angati apa?"

"Makumi atatu ndi awiri. Ukufunsa ine?"

"Nambala m'makina imakhala m'maenje ochuluka chomwecho. Dzenje lili ndi nkhomo imodzi kapena lilibe, basi. Biti ndi imeneyo."

Anaika nkhomo apa ndi apo. Kenako anazisuntha zonse, iliyonse dzenje limodzi kumanzere. Ya kumapeto inasowa kolowa, ndipo anaigwetsa pansi.

"Iyo yatayika. Nambala yasintha, mwini pulogalamu sakudziwa. Ndikufuna chida chathu chizitha kuiona."

Kuyambira tsiku limenelo bawo linakhala lake. Ankayala mizere iwiri n'kusiya nkhomo pokhapo pamene mizere yonse ili nazo. Nthawi zina ankatembenuza, maenje odzaza kukhala opanda kanthu, opanda kanthu kudzaza. Akatero ankalemba pa laputopu. Nkhomo zogwa zinkaunjikana pafupi ndi phazi lake.

Imeneyo inali nyengo imene mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense. Amuna ankatchinga misewu ndi mitengo n'kumapisa m'zikwama za alendo. Ine ndikanayenera kuganiza. Kwathu mkazi sasewera bawo, ndipo bawo salisewera munthu mmodzi. Mkazi wa mlamu wanga anabwera kudzapempha mchere, anaima nthawi yaitali akuyang'ana, n'kubwerera osaupempha. Anakauza anthu kuti maenje aja ndi nyumba za m'mudzi ndipo nkhomo zogwazo ndi anthu osankhidwa kuti apopedwe magazi. Sabata yomweyo mtsikana wina anakomoka pa mjigo. Kuchipatala ku Namitambo anati magazi achepa.

Amuna a m'mudzi anabwera Lachinayi m'mawa, mlamu wanga ali pakati pawo. Ena mwa iwo bawo ndinawaphunzitsa ndine. Anali ndi zikwanje, ndipo bambo wina wa kabaza ananyamula chigubu cha petulo. Maso anga sanachoke pa chigubucho.

"Lowa m'nyumba, utseke," ndinauza mwanayo.

Ine ndinakhala pampando. Iwo anayesa ndikuwaderera. Zoona zake n'zakuti ndinkachita mantha.

"Alamu," anatero mlamu wanga, "tulutsani mwanayo. Akuwerenga ndani pa bawopo?"

"Zogwazo ndi ana athu, madala!" wina anakuwa kumbuyo.

Ndinakokera bawo patsogolo panga.

"Khalani apo, alamu. Chibadwire simunandidyepo pa bawo ili. Lero muphunzireko samu."

Mmodzi anaseka, ena anamuyang'ana, iye n'kusiya. Mlamu sanakhale. Ndinaika nkhomo momwe ndinkaonera mwanayo akuikira. Ina inandipulumuka n'kugwa nthawi yake isanakwane. Ndinaitola. Ndinakankha zonse kumanzere, ya kumapeto n'kugwa.

"Makina akaiwala nkhomo iyi, nambala imanama. Mukadandaula kuti sikelo ya nandolo yakuberani, ndi nkhomo yotere. Mwanayu akuphunzitsa makina kuigwira."

Za sikelozo ndinapeka ndekha pomwepo. Mulungu andikhululukire. Koma sikelo yakuba aliyense amaidziwa, ndipo ndinaona zikwanje zina zikutsika.

Wa petulo uja sanatsitse kanthu. "Pakamwa muli napo, madala. Nanga mwana wa pa mjigo uja?"

M'nyumba ndinkamva mwana wanga akukankhira tebulo kuchitseko. Ndinatola nkhomo imodzi n'kuikweza kuti onse aione.

"Iyi ndi ine. Mwamva nonse? Ndi ine."

Ndinaiika m'dzenje la kumapeto, n'kukankha. Inagwa n'kugubuduka mpaka pa phazi la mlamu. Anadumpha ngati waponda moto.

"Ndikafa, mubwere ndi chigubu chanucho. Ndisanafe, chokani pabwalo panga."

Anachoka mmodzimmodzi. Wa petulo anali womaliza, ndipo ankacheuka.

Masana omwewo ndinamuperekeza mwanayo pa njira ya m'minda mpaka ku Njuli, laputopu itakulungidwa m'chitenje ngati mtolo wa masamba. Poyamba anakana, anati adzandiphikira ndani. Ndinati sindinamufunse maganizo. Ndinaima pamsewu mpaka minibasi ya ku Limbe itasowa.

Patapita milungu anaimba foni. Anati anzake a kuntchito avomereza zimene anawonjezera zija, chida tsopano chikuona nkhomo yogwa. Ndinati chabwino.

Sindinamuuze kuti mwezi wonsewo ndinkaopa ngakhale chifuwa. Mankhwala ndinkamwa osaphonya, pamsewu ndinkayenda m'mbali kwenikweni. Ndikanafa masiku amenewo, iye sakanapondanso kwathu, ngakhale pa maliro anga.

Mlamu wanga ankadutsa m'mawa uliwonse kudzapereka moni, chinthu chimene sankachita kale. Ankandipeza ndikusesa pabwalo. Ndikusesabe mpaka lero, ndipo ndimadziphikira ndekha. Mwanayo amandifunsa kuti abwere liti. Ndimati ndimuuza.