A Whiteson Operekeza Alendo

Ku Mlolo ukafunsa za a Whiteson Mbewe, amakuyankha kuti, "Operekeza aja?" Koma sanabadwe otero. Anali mlimi wa chimanga ndi mtedza, munthu wa thupi lake, wokonda mpando wandalema pansi pa mtengo wa mango.

Zinayamba chaka chimene anagwa ndi chizungulire pokolola. Ku kiliniki namwino Melody anawayeza, napukusa mutu.

"Bambo, bipi yakwera kwambiri. Mankhwala ndi awa, koma muziyendanso pansi ola lathunthu tsiku lililonse. Mukapanda kutero, sitiroko ikupezani."

Akazi awo, a Agnesi, anagwidwa ndi mantha, chifukwa mkulu wawo wa a Whiteson anamwalira ndi matenda omwewo.

Namwinoyo anakulira m'tauni, kumene anthu amagula nsapato zapadera n'kumakwera mapiri popanda chokatenga pamwambapo. Sankadziwa kuti kwathu kuno munthu wamkulu sayenda chimanjamanja wopanda kolowera. Tsiku loyamba aliyense wokumana nawo anafunsa kuti alawirira kuti, iwo n'kumayankha kuti akungoyenda. Pofika masana mudzi unali utagawikana. Ena ankati mutu wayamba kusokonekera, ena ankati kuli mayi wina ku Zingalume. Tsiku lachiwiri wanjinga anawamvera chisoni nawakweza pakaliyala, ndipo poti kukana ulemu n'kunyoza, anakwera. Lachitatu inawatola ngolo. Sabata itatha anali atayenda mitunda yambiri ndithu, koma ndi miyendo ya ng'ombe za eni.

Nzeru inabwera ndi a Simeoni, anzawo a m'kwaya ya ku parishi, amene anadzawazonda. Potsanzika, a Whiteson anawaperekeza monga mwa mwambo, woti mlendo umamufikitsa pamphambano n'kubwerera. M'njira anaona zachilendo. Palibe amene anawafunsa kanthu, ndipo anjinga ankangopereka moni n'kudutsa. Anapitirira mphambano, anawoloka dambo, mpaka anakafika pakhomo pa a Simeoni. A Simeoni nawo ndi munthu woleredwa bwino, sakanalola mlendo wawo kubwerera yekha, choncho anawaperekezanso. Tsiku limenelo madoda awiriwa anawoloka dambo lija kanayi.

Kuyambira pamenepo a Whiteson sanaphonye mlendo. Awo akasowa, ankabwereka a anansi. Anaperekeza katekisiti, wogulitsa kapenta, ngakhale mkamwini wa eni amene ankathawa mlandu kwa apongozi. Pobwerera okha, mawu oti "ndimaperekeza alendo" ankatseka pakamwa aliyense. Thupi linapepuka, namwino anakondwa.

Komatu munthu paulendo amafuna kupatukira patchire, kapena kulawa mowa penapake popanda mboni ya m'kwaya. Alendo anayamba kuzemba. Ankadzera kuseri kwa nkhokwe osatsanzika, ena anangosiyiratu kubwera. A Whiteson anabwerera pampando wawo, mutu unayambanso kuwawa, ndipo a Agnesi ankawayang'ana mtima uli m'mwamba.

M'mawa wina mayiwo anatuluka m'nyumba atavala chitenje cha pa Sande, duku kumutu, kachikwama m'manja. Anagwada pafupi ndi mpando uja.

"Bambo, zaka makumi atatu ndi zisanu ndachezako mokwanira. Ndikutsanzika."

A Whiteson anachita kakasi. "Mayi, ndalakwanji? Mukupita kuti?"

"Kumene ndikupita mukakuona konko. Mundiperekeza, kapena anthu aone kuti pakhomo pano mlendo amachoka yekha?"

Bambowo anawayang'anitsitsa, naona kuti kachikwamako kanali kopanda kanthu, komanso kuti maso a akazi awo alengeza misozi.

"Umasiye sindikuufuna ine," anatero a Agnesi motsitsa mawu. "Dzukani."

Mpaka lero, m'mawa uliwonse a Agnesi amatsanzika, a Whiteson amawaperekeza mpaka kutsidya kwa dambo, kenaka mlendoyo amasintha maganizo n'kubwerera nawo.