Mchira Asiya Mkazi Pamlatho

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato uja, anzake a m'kalabu ya njinga zamoto amamutcha Mchira. Pa ulendo uliwonse iye ndiye amakhala pambuyo pa onse, kuonetsetsa kuti palibe watsalira. Udindowu amaukonda kuposa singano. Akamasoka amapalasa makina ngati akukwera chitunda, moti buluku la munthu wamfupi limatuluka lokwana anthu awiri oberekana. Pakamwa pake sipatsekeka. Amacheza ndi makasitomala, ndi lumo, ndi ntchentche zomwe.

Mkazi wake anapirira zambiri. Njinga inkagona pabalaza itafunda nsalu ya kasitomala, ana akudutsa monyang'ama kuopa kuidzutsa. Tsiku lomwe mayiyo ankatuluka m'chipatala ndi khanda, bambo anali kutali, kusaka tayala. Ndiye tsiku lina mayiyo analongedza chikwama nachiika kuseri kwa chitseko. Anati akangomuiwalanso kamodzi chifukwa cha chitsulo chimenecho, iye wapita kwa makolo ake, ndipo pasapezeke womulondola. Mchira anagwada mpaka mawondo kuchita mabala, namuchonderera kuti Loweruka apite naye pa ulendo wa kalabu, akaone yekha kuti mpando wakumbuyo ngwake.

Ananyamuka m'mawa, mzere wa njinga ukudutsa m'minda, fumbi likukwera mpaka akhwangwala kutsokomola. Mchira ankafotokoza mtengo uliwonse ndi mbuzi iliyonse. Mayi sankayankha, koma iye sanadabwe, poti m'chipewa cholimba chokwerera njinga munthu sumva ngakhale bingu. Pamlatho wina gulu linaima kuti liwongole miyendo, mayiyo natsikira kumtsinje kukasukusula. Mtsogoleri ataliza hutala, Mchira anachita zomwe wachita zaka zonsezi: anawerenga njinga. Zinakwana. Analiza yake, ulendo.

Anapitiriza kucheza ndi mpando. Anaupepesa za tayala lija, anaulonjeza diresi lamanja aatali, mpaka anauyamikira kuti lero wakhala bwino, sukulemera n'komwe.

Patsinde pa phiri njinga ya mtsogoleri inatsamwa. Pofuna sipanala, Mchira anatambasulira dzanja kumbuyo kuti alandire thumba la zitsulo lomwe mkazi wake analikoleka paphewa. Dzanja linagwira mphepo.

Sanatsanzike. Anatembenuza njinga. Chitsa chilichonse cham'mbali mwa msewu chinkaoneka ngati mkazi wake, ndipo chimodzi anachipepesa ndithu. Pamlatho anapeza chipewa chokha, chitakhazikidwa bwinobwino pamwala. Mayi wogulitsa nthochi anamuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, nati ngati ndinu amuna a mayi osiyidwa aja, akazi anu akwera ngolo ya ng'ombe, akulowera kokwerera basi. Kwa Mchira, basiyo inali njira ya kwa apongozi.

Atangoiona ngoloyo chapatali, mafuta anatha. Anayamba kukankha, thukuta likudzaza nsapato. Mwayi wake ng'ombezo zinali nkhalamba zoyenda ngati zikuganiza. Anaipeza poyambira chitunda, mkazi wake atakhala pamatumba, akuyang'ana kutsogolo.

"Amake mwana, tatsikani tikambirane."

"Mwazindikira liti kuti kulibe munthu kumbuyoko?"

Apa mwamuna wanzeru akananama. Koma Mchira mpweya unali utamuthera, wonenera bodza womwe.

"Pamene timafuna sipanala."

Mayiyo anavula thumba paphewa naliponya mumsewu. Zitsulo zinamwazika m'fumbi.

"Ndi izo, bambo ake mwana. Zomwe mwabwerera mwazipeza."

Ngolo inayamba kukwera. Mchira anakankha njinga, njinga inamukankhanso. Anayesa kachiwiri, nsapato zikuterereka, ngolo ikunka ichepa. Pamwamba pa chitundapo basi inali itaima kale, kondakitala akuitana anthu.

Anayang'ana njinga yake, imene sinagonepo panja chigulireni. Anaigoneka m'tchire, kiyi ali pomwepo, zitsulo zili mbwee mumsewu, nathamanga mpaka anagwira thabwa lakumbuyo kwa ngolo.

Mayi sanatembenuke. Sanasunthenso kuti amupatse malo. Anangouza mwini ngolo kuti asazikwapule ng'ombezo, ziyende mmene zikufunira, ngakhale basiyo ipite. Mchira anayenda pambuyo atagwira thabwa lija ndi manja onse awiri, ndipo chitunda chonsecho sanatulutse mawu ngakhale amodzi.