Lole ya pa pepala la mandasi

Kwathu ku Chamama nyuzipepala siibwera kudzawerengedwa. Imafika itakulunga mandasi kapena sopo wodula, ndipo yotsala amuna amapichirira fodya. Koma ine maso anga sadumpha chilembo, ngakhale chitanyowa ndi mafuta.

Chaka china amuna anga ananyamuka ndi mabelo athu a fodya kupita ku okushoni. Mlimi wakuno sasiyira dalaivala thukuta lake: amakwera pamwamba pa mabelo n'kugwira chingwe mpaka kumsika. Foni yawo itazima sindinadandaule, poti pamzere wa malole munthu amagonapo masiku, ndipo potchajira palibe.

Tsono ndinagulira ana mandasi. Nditatambasula pepala, ndinaona chithunzi cha lole itagada, mabelo ali mbwee mumsewu, ndi anthu atafunditsidwa zitenje m'mphepete. Mawu ake amati alimi afa pangozi ku Kasungu. Pamwamba, pomwe pamalembedwa tsiku, panali patang'ambidwa. Loleyo inali yoyera, ngati yomwe amuna anga anakwera. Ndinachita mantha omwe sindinawamvepo chibadwire.

Ndinabwerera kwa mayi wogulitsa mandasi uja kukafuna chidutswa chinacho. Iye anati mapepalawo amagula mtolo kuboma, osakanizasakaniza, ndipo chidutswacho chinapita ndi kasitomala wina. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinamulalatira ngati ndiye anagubuduza loleyo. Mayi wosalakwa uja anangondipatsa ndasi lina, ine n'kulisiya pomwepo.

Kunyumba ndinawaonetsa apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Iwo sawerenga, koma anayang'anitsitsa mapazi omwe amatulukira kunsi kwa chitenje chimodzi. Sanalire. Anangodzuka n'kuyamba kutulutsa mipando m'nyumba, monga tichitira pamaliro kuti olira apeze poyala mphasa.

"Amayi, wamthenga sanabwere," ndinatero.

"Ndikungofuna kusesa, mwanawe."

Koma tsache sanaligwire. Ana anadya mandasi awo ali pamipando panja, akusangalala kuti lero kuli zachilendo. Njinga iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaiyesa ya wobweretsa uthenga, ndipo ndinkapemphera kuti isakhote.

M'mawa mwake ina inakhotadi. Inali kabaza, ndipo kumbuyo kwake kunali amuna anga, ali mbuu ndi fumbi. Anayang'ana mipando, kenako amayi awo, ndipo anamvetsa popanda wowauza. M'malo mowalonjera ndinawaponyera pepala lija, n'kuwakalipira za foni mpaka mawu anandithera.

Anati ngoziyo ndi ya chaka chatha, ndipo pamalopo amapadziwa, pali kona yoipa pomwe aliyense amagwira chingwe ndi manja awiri. Ankayankhula uku akung'amba m'mphepete mwa pepalalo kuti apichirire fodya. Ndinawalanda. Mapazi ajawo anali a mwamuna wa munthu wina.

Kenako anatsokomola, n'kunena chomwe anabwerera msanga: mabelo ena anabwezedwa chifukwa cha chinyezi, ndipo tikawayanika n'kuwadindanso, ayenera kuwaperekeza kachiwiri.

Tsiku lake litafika, anakweradi lole yoyera yomwe ija, pamwamba penipeni, akutibayibitsa ndi dzanja limodzi. Mipando tinali titalowetsa. Koma nditabwerera m'nyumba, ndinapeza apongozi ataisanjikiza pafupi ndi khomo, ndipo ine sindinaisunthe.